Galimoto Ikutsamwa Mukaponda Moto: Mafunso ndi Mayankho kwa Eni Magalimoto a ku Zomba

Vuto ili limafika m'magalaja a muno mu Zomba ndi maina osiyanasiyana. Wina amati galimoto ikutsamwa, wina amati ikudukiza, wina amati ikuchita misingi, wina amangoti sikukoka. Chimene chimatiwawa n'choti ambiri amafika atagula kale mapulagi, koyilo ndi pampu ya mafuta, ndalama zapita, koma vuto lili pomwepo. Mayankho ali m'munsiwa onse aima pa mfundo imodzi: yezani kaye, chitsulo mugule pambuyo.

Kodi kutsamwa n'chimodzimodzi ndi misingi?

Ayi, ngakhale nthawi zina zimabwera limodzi. Injini ya petulo imafuna mpweya, mafuta ndi moto wa pulagi, chilichonse pa nthawi yake. Muyeso woyenera ndi magalamu 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya petulo. Mukaponda moto mwadzidzidzi, chitseko cha throttle body, cholowetsa mpweya mu injini, chimatseguka ndipo mpweya umalowa nthawi yomweyo, choncho mafuta amayenera kuuthamangira. Akachedwa pang'ono chabe, galimoto imakhala ngati wina waikoka kumbuyo, kenaka n'kudzambatuka. Kumeneko ndiye kutsamwa.

Misingi ndi pamene silinda imodzi ikulephera kuwotcha mafuta. Injini imanjenjemera, ndipo mukaika dzanja pafupi ndi ekizozi mumamva utsi ukutuluka modumphadumpha.

Pali chachitatu chimene anthu amachisokoneza ndi ziwirizi. Yang'anani kamuvi ka ma rev pamene vutolo likuchitika. Kakaima kapena kutsika, vuto lili ku injini. Kakakwera msanga, injini n'kumalira kwambiri koma liwiro osawonjezeka, ndiye kuti kilachi kapena giyabokosi ikuterereka, ndipo mapulagi alibe mlandu.

Ndisanapite kwa amakaniko, ndionetsetse chiyani?

Nthawi imene imatsamwa. Mfundo imeneyi imapulumutsa ndalama kuposa chida chilichonse cha m'galaja. Yendani nayo masiku awiri mukusunga m'mutu kapena kulemba.

Ikamatsamwa m'mawa yokha injini ili yozizira, ikatentha n'kusiya, timakayikira sensa yoyeza kutentha kwa madzi, throttle body yakuda, kapena mpweya wolowera pa gasiketi yomwe imadzitseka ikatentha. Ikamayamba mutayenda mphindi 20 kapena 30, timakayikira koyilo kapena pampu, chifukwa ziwirizi zikatopa zimafooka ndi kutentha. Ikamatsamwa pa mtunda kapena popitirira lole pa msewu wa ku Blantyre, pomwe m'tauni ili bwinobwino, nthawi zambiri mafuta sakukwanira, moto wa pulagi ndi wofooka, kapena ekizozi yatsekeka. Ikamachita tsiku lamvula, m'nyengo ya chiperoni, kapena mutangotsukitsa injini, ndiye kuti chinyezi chalowa m'makoyilo ndipo moto ukuthawira pambali.

Dzifunseninso kuti chinachitika n'chiyani vutoli lisanayambe. Munathira mafuta kuti? Wina anagwira eya kilina? Batire inachotsedwa? Thanki inauma? Amakaniko auzeni zonsezi musanawauze chimene inu mukuganiza kuti chafa.

Yanga imangovuta pokwera ku Chawe. Ndi vuto kapena ndi mmene phiri lilili?

Mbali ina ndi phiri. Tauni ya Zomba ili pa mamita pafupifupi 900 kuchokera pa nyanja yamchere, pomwe pamwamba pa phiri la Zomba, kumene kuli ku Chawe, malo ena amapitirira mamita 2,000. Injini yopanda turbo imataya mphamvu pafupifupi 1 peresenti pa mamita 100 alionse amene mwakwera, chifukwa mpweya umapepuka. Vitz ya 1.0 yonyamula anthu asanu idzakwera mwaulesi, ndipo palibe chodabwitsa.

Koma kuchepa mphamvu kwa phiri kumabwera mosalala. Kugwedeza, kudukiza, kapena kuphulika kwa pu-pu m'bokosi la eya kilina si phiri ayi. Mtunda umangoulula chimene chafooka kale. Pa makhota aja mukatuluka ndi giya yachiwiri n'kuponda moto, injini imafuna mafuta ambiri ndi moto wamphamvu pa nthawi imodzi, ndiye pampu yotopa kapena koyilo yosweka imaonekera pomwepo. Onaninso mafuta ali m'thanki: akatsala ochepa, pa mtunda ndi pa khota amathawira mbali imodzi, pampu n'kuyamwa mpweya. Kwerani kawiri, koyamba thanki ili pansi pa kota, kachiwiri itadutsa theka. Vuto likatha ulendo wachiwiri, pitani m'thanki.

Nyali ya check engine sinayake. Kuika pa kompyuta kuli ndi phindu?

Kulipo, malinga woyezayo asangowerenga makodi, manambala otchula mavuto amene galimoto yapeza. Kompyuta ya galimoto imasunga makodi ena amene sanafike poyatsa nyali, ndiponso imaonetsa manambala a injini ikulira. Polumikizira pake ndi pa mabowo 16, pansi pa chiwongolero. Magalimoto ena akale ochokera ku Japan sayankha timakina totchipa tolumikiza ku foni, ndiye timakinato tikalephera si kuti galimoto ilibe vuto.

Makodi amene amayenda ndi kutsamwa ndi awa. P0300 ndi misingi yosasankha silinda, pomwe P0301 mpaka P0304 amatchula silinda yake. P0171 ikunena kuti mpweya wachuluka kuposa mafuta, P0172 mafuta achuluka. P0100 mpaka P0103 ndi MAF sensa (yoyeza mpweya wolowa mu injini), P0120 mpaka P0123 ndi sensa ya throttle, P0401 ndi EGR (valavu yobweza utsi wina mu injini), P0420 ndi catalytic converter (chitsulo cha mu ekizozi choyeretsa utsi).

Chonde mvetsani ichi: nambala ya kodi siitchula chitsulo choti mugule, imatchula dera loti mufufuze. P0171 yagulitsa ma oxygen sensa (oyeza utsi mu ekizozi) ambiri osalakwa. Sensayo imangonena zoona kuti mafuta achepa.

Nambala yofunika kuiona ndi fuel trim, yoonetsa mafuta amene kompyuta ikuwonjezera kapena kuchepetsa, makamaka ya long term. Pakati pa -5 ndi +5 peresenti zili bwino. Ikapitirira +10, kompyuta ikuwonjezera mafuta pobisa vuto. Tsono yerekezani: ikakhala yokwera pa idling (injini ikulira osaponda moto) koma n'kutsika mukafika pa ma rev 2,500, mpweya ukuba polowera. Ikakhala bwino pa idling koma n'kumakwera ma rev akamakwera, mafuta akuperewera kapena MAF ikuwerenga mochepa. Mphindi zisanu zimenezi zimagawa vuto pakati.

Inayamba nditathira mafuta a m'chigubu. Ndichite chiyani?

Mafuta akasowa m'malo omwetsera, ambiri amagula a m'zigubu, ndipo sitingawaweruze, koma zotsatira zake timaziona. M'chigubu mumatsala madzi, mchenga, dizilo kapena mafuta ophikira, ndipo ogulitsa ena osakhulupirika amathiramo palafini. Kuwonjezera apo, petulo wa m'Malawi muno amasakanizidwa ndi ethanol wa ku nzimbe, wopangidwa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, ndipo dziko lino lakhala likusakaniza kuyambira mu 1982. Ethanol payekha sawononga injini yabwino, koma amakoka madzi. Madzi akachuluka, iye ndi madziwo amapatukana ndi petulo n'kukhala pansi pa thanki, pamene pampu imayamwira.

Kuyeza kwake n'kosavuta. Tengani theka la lita kuchokera pa paipi yopita ku injini, thirani m'botolo lagalasi loyera, lisiyeni mphindi 15. Mukaona mzere wogawa, pansi pali gawo lina lotuwa kapena timadontho togubuduka, amenewo ndi madzi. Pa palafini, donthezani pang'ono pa pepala loyera. Petulo weniweni amauma msanga osasiya chizindikiro, wosakaniza amasiya banga lamafuta. Petulo wa palafini amachititsanso injini kulira ngati timiyala m'chitini mukaponda moto pa mtunda, ndipo kulira kumeneko kumadya mapisitoni.

Mukapeza madzi kapena palafini, khuthulani thanki yonse, itsukeni, sinthani kasefa ka pansi pa pampu ndi fyuluta, kenaka thirani mafuta abwino malita osachepera 15. Timabotolo totsukira ma injekita sitingachotse kapu yathunthu ya madzi. Pogwira ntchitoyi chotsani waya wa negativu pa batire, gwirirani panja, ndipo pasakhale mbaula, ndudu kapena wowotcherera zitsulo pafupi. Ngati simungachitire mwina koma kugula a m'chigubu, asefeni pa nsalu yoyera yothina ndipo lita yomalizira ya pansi musathire.

Amakaniko akuti pampu yafa. Ndingatsimikize bwanji?

Apempheni aike geji pa paipi ya mafuta inu mukuona. Kumvetsera kulira kwa pampu sikokwanira, poti pampu yotopa imalirabe. Pa injini ya 1NZ-FE, imene ili m'ma Sienta, Probox ndi Corolla ambiri a 1.5, geji iyenera kuonetsa pakati pa 304 ndi 343 kPa, komwe ndi 44 mpaka 50 psi. Pondani moto mwamphamvu kangapo: kamuvi kasagwe. Kakagwa n'kubwerera pang'onopang'ono, pampu yatopa kapena fyuluta yatsekeka. Mukazimitsa injini, pakatha mphindi 5 pakhale patatsala 147 kPa kapena kuposa. Ikathera pansi msanga, valavu ya m'pampu, regulator kapena injekita ikudontha, ndipo galimoto yotere imavutanso kulira m'mawa.

Musanaitaye pampu, yezani magetsi pa pulagi yake injini ikulira. Akhale pafupi ndi a batire, amene ayenera kukhala pakati pa 13.5 ndi 14.5 volts. Relay yopsa kapena waya wa earth wadzimbiri amachititsa pampu yabwino kuoneka yakufa.

Pa magalimoto ang'onoang'ono ambiri a ku Japan fyuluta ili m'thanki momwemo pamodzi ndi pampu, n'chifukwa chake imaiwalika zaka. Ambiri polowera pake ndi pansi pa mpando wakumbuyo, koma thanki ya Honda Fit ili pansi pa mipando yakutsogolo. Mukatsegula, kasefa ka pansi pa pampu kakakhala kofiirira ndi matope ngati dothi la katondo, mwapeza poyambira. Ndipo lekani chizolowezi choyenda nyali ya mafuta ili chiyakire. Pampu imazizira ndi petulo amene yamiramo.

Mapulagi ndasintha koma palibe chasintha. Chatsala n'chiyani?

Tiyambe ndi mapulagi omwewo. Kodi ndi nambala yoyenera injini yanu? Kodi ndi enieni? Pamsika pali mapulagi achinyengo olembedwa NGK ndi Denso, ndipo amatha pa miyezi yochepa. Pulagi ya iridium yeniyeni ili ndi kansonga kosakwana milimita imodzi. Ikakhala yotchipa modabwitsa, ikayikireni. Mpata wa pulagi pa 1NZ-FE ndi 1.1 mm, ndipo ya iridium musaipinde ndi sikuludilaiva. Mapulagi wamba amayenda makilomita 20,000 mpaka 30,000, a iridium enieni amafika pafupifupi 100,000.

Magalimoto awiri ali ndi msampha. Honda Fit yakale ya injini ya i-DSI ili ndi mapulagi 8 ndi makoyilo 8, anayi kutsogolo, anayi kumbuyo. Ambiri amasintha akutsogolo okha. Pa Nissan Note ndi Tiida za injini ya HR15DE, mapulagi ali pansi pa intake manifold, mapaipi ogawa mpweya ku masilinda, ndiye pamafunika kuimasula. Funsani kuti akuonetseni akale onse amene achotsa.

Akalewo awerengeni. Nsonga yofiirira pang'ono ngati tiyi wamkaka ndi yabwino. Yakuda ndi mwaye wouma, mafuta akuchuluka. Yoyera mbuu, mafuta akuchepa. Yonyowa ndi oyilo ku nsonga, injini ikudya oyilo. Mukapeza oyilo m'dzenje la pulagi, kumtunda, gasiketi ya chivundikiro cha pamwamba pa injini ikudontha, ndipo oyiloyo amafewetsa labala ya koyilo mpaka moto kumathawa. Kusintha koyilo osasintha gasiketi n'kutaya ndalama kawiri.

Koyilo imayezedwa posinthanitsa. Tinene kuti kompyuta yaonetsa P0302. Chotsani koyilo ya silinda 2, muiike pa silinda 4, ya 4 ibwere pa 2. Fufutani makodi, yendani. Ikabwera P0304, koyilo ndiyo yafa, gulani imodzi yokhayo. Ikabweranso P0302, sinthanitsani mapulagi. Ikakakamirabe pa 2, yezani injekita, imene pa magalimoto ambiri otere imaonetsa pakati pa 12 ndi 16 ohms, kenaka yezani compression, mphamvu yopanikiza ya silinda iliyonse. Masilinda asasiyane kuposa pafupifupi 100 kPa. Yang'ananinso pa labala ya koyilo ndi pa gawo loyera la pulagi: kamzere kakuda kowonda ngati kolembedwa ndi pensulo ndi njira imene moto wakhala ukuthawira.

Fumbi la misewu yathu lingachititse zimenezi?

Kwambiri, makamaka kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa, kwa amene amayenda misewu yafumbi ya kumidzi monga yopita ku Kachulu. Tulutsani eya kilina, muiyang'anitse ku dzuwa. Kuwala kukapanda kudutsa, sinthani. Kuipopa ndi mpweya wamphamvu kumang'amba pepala lake timabowo tosaoneka, fumbi n'kumapita ku MAF sensa ndi m'masilinda. Kuno musadikire makilomita olembedwa m'buku la ku Japan, muziiona nthawi iliyonse mukusintha oyilo.

MAF sensa ili pa paipi yochoka ku bokosi la eya kilina, yomangidwa ndi timasikuluwu tiwiri. M'kati mwake muli timawaya tiwiri towonda ngati tsitsi. Tikakutidwa ndi fumbi timawerenga mpweya wochepa, kompyuta n'kupereka mafuta ochepa, galimoto n'kutsamwa. Pa injini ya 1.5 yotentha, pa idling, iyenera kuonetsa pafupifupi magalamu 2 mpaka 3 pa sekondi, ndipo nambalayo ilumphe nthawi yomweyo mukaponda moto. Potsuka, zimitsani galimoto, zulani pulagi yake, ipopereni mankhwala otsukira MAF kapena otsukira zamagetsi maulendo 10 mpaka 15, isiyeni iume mphindi 15. Musaikhudze ndi nsalu, burashi kapena kamtengo, ndipo petulo ndi mankhwala a kabuleta asayandikire. Vitz ndi Passo za injini ya 1KR-FE ya masilinda atatu zilibe MAF, zili ndi MAP sensa yoyeza mphamvu ya mpweya pa manifold.

Kenaka gwirani paipi yaikulu yalabala yochoka pa MAF kupita ku throttle body, muipinde uku ndi uku. Imakonda kung'ambika m'makwinya a pansi, kosaoneka. Injini ikagwedezeka ponyamuka, mng'aluwo umatseguka, mpweya wosawerengedwa n'kulowa. Galimoto yotsamwa ponyamuka pokha, ikathamanga n'kukhala bwino, iyambireni pamenepa. Onaninso timapaipi ting'onoting'ono ta vacuum, paipi ya PCV yochoka pa chivundikiro cha pamwamba pa injini ndi ya buleki booster. Makoswe amakondanso kudya mawaya ndi timapaipi ta galimoto yogona pafupi ndi nkhokwe kapena matumba a chimanga.

Kutsuka throttle body kumathandiza?

Kumathandiza ngati m'mphepete mwa chitseko chake mwamata phula lakuda, ndipo galimoto imatsamwa mukangokhudza moto pang'ono kapena imafuna kuzima pa mphambano. Popererani mankhwala pa nsalu, osati m'kati mwachindunji, n'kupukuta. Pa magalimoto amene throttle yake ndi yamagetsi, yopanda kebulo, musakankhe chitseko mwamphamvu kiyi ali pa ON. Mukatha, idling ikhoza kukwera kufikira kompyuta itazoloweranso. Ma Toyota ambiri amazolowera okha mukawasiya akulira mphindi 10 magetsi onse ali ozimitsa, koma ma Nissan amafuna ndondomeko yakeyake kapena makina.

Sensa ya throttle yezani ndi mita kapena pa kompyuta. Imayambira pansi pa volt imodzi chitseko chili chotseka, n'kukwera mosalala kufika pafupi ndi 4 kapena 4.5 chikatseguka chonse. Pondani pang'onopang'ono. Nambala ikadumpha kapena kugwa pakati, pamenepo ndi pamene galimoto imadukizira. Ngati imagwedeza pa liwiro lokhazikika la 40 mpaka 60, phazi lili pang'ono pa moto, tsegulaninso EGR valavu muchotse mwaye. Fit yakale ija ndi injini za D-4 monga 1AZ-FSE ya mu Noah ndi Voxy zimadziwika ndi mwaye umenewu.

Thermostat anaichotsa kuti injini isamatenthe. Zikugwirizana?

Zikugwirizana, ndipo chizolowezi chimenechi tikadakonda chitatha. Popanda thermostat injini imachedwa kufika pa madigiri 80 mpaka 90 amene inapangidwira, makamaka m'mawa wa Juni ndi Julayi kapena potsika phiri. Kompyuta imaona ngati injini ikadali yozizira, imathira mafuta ambiri, mapulagi amada, galimoto imalemera ndi kumwa mafuta. Bwezeranimo thermostat, ndipo chimene chinkatenthetsa injini, kaya ndi radiyeta yotsekeka, fani kapena chivundikiro cha radiyeta, chikonzedwe pachokha.

Akuti ndichotse catalytic converter. Nditero?

Osati musanayeze. Yotsekeka imadziwika chonchi: galimoto imanyamuka bwino, koma ma rev akafika cha pa 3,000 imakana kupitirira ngati mwaitseka pakamwa, ndipo imaipiraipira ikatentha. Kuyeza kwake, masulani oxygen sensa yakutsogolo kuti utsi upeze potulukira, muyende kamtunda kochepa. Phokoso lidzakhala lalikulu, koma mphamvu ikabwerera, yatsekekadi. Amene ali ndi geji aike pa bowo lomwelo: pa ma rev 2,500 isapitirire pafupifupi 20 kPa.

Dziwani kuti chitsulochi sichifa chokha. Chimasungunuka chifukwa cha misingi yoyenda nayo miyezi, kapena chimatsekeka ndi oyilo amene injini ikudya. Gwero likapanda kukonzedwa, chatsopano chidzafanso. Dziwaninso kuti m'kati mwake muli zitsulo zamtengo wapatali zimene anthu amagula, ndiye pali ena amene amafulumira kunena kuti chatsekeka chili chabwinobwino. Chikachotsedwa, utsi wonunkha uja amaupuma ndi ana oyenda m'mbali mwa msewu, ndipo nyali ya check engine imayaka osazimanso, n'kubisa mavuto ena obwera pambuyo.

Sienta yanga imanjenjemera ponyamuka. Ndi injini kapena giyabokosi?

Ma Sienta, Vitz, Note ndi Fit ambiri ali ndi giyabokosi ya CVT, yoyendera lamba wachitsulo. Ikani pa P, pondani moto mpaka ma rev 3,000 kangapo. Injini ikakwera mosalala, ndipo kompyuta sikuonetsa misingi ngakhale poyenda, koma galimoto imanjenjemera pa liwiro la 10 mpaka 30, yang'anani oyilo wa giyabokosi. CVT siilola oyilo wa otomatiki wamba. Toyota imafuna CVT Fluid TC kapena FE malinga ndi chaka, Nissan NS-2 kapena NS-3, Honda HMMF pa zakale ndi HCF-2 pa zatsopano. Oyilo wolakwika amaterereketsa lamba ndipo akhoza kupha giyabokosi. Ya taxi yonyamula anthu mopitirira muyeso pakati pa Zomba ndi Songani kapena Jali imatenthetsa oyiloyu msanga, choncho asamapitirire makilomita 40,000.

Pa galimoto ya manual, yendani pa giya yachinayi pa liwiro la 40, pondani moto mpaka pansi. Ma rev akathamanga liwiro lili pomwepo, kilachi yatha. Ndipo musaiwale chinthu chophweka: mutayenda makilomita asanu osaponda buleki kwambiri, yandikizani dzanja pa limu lililonse. Lotentha kuposa anzake, buleki ikugwira.

Nanga za dizilo, monga Hilux ndi minibasi?

Dizilo ilibe mapulagi a moto, ndiye poyambira ndi mafuta ndi mpweya. Pansi pa fyuluta ya dizilo pali kotsegulira madzi. Masulani, popani kapampu ka pamwamba mpaka patuluke dizilo woyera, mangani. Kapampuko kakamakana kulimba, mpweya ukulowa penapake. Lumikizani kapaipi koonekera m'kati pakati pa fyuluta ndi pampu: thovu likamadutsa, fufuzani mapaipi, makilampu ndi labala ya fyuluta. Fyuluta yeniyeniyo, ndi dizilo amene timathira kuno, isapitirire makilomita 20,000.

Utsi umathandiza kuwerenga. Kutsamwa kwa utsi wakuda ndi mpweya wochepa: eya kilina, paipi ya turbo yong'ambika imene imalira ngati likhweru, kapena EGR yodzaza mwaye. Kutsamwa kopanda utsi ndi mafuta ochepa. Pa Hilux ndi Hiace za D-4D, za injini ya 1KD ndi 2KD, kavalavu ka pa pampu kotchedwa SCV kakatopa galimoto imadukiza, imazima pa mphambano, kapena imakana kupitirira ma rev ena mpaka mutazimitsa n'kuyatsanso. Kamasinthidwa pakokha osagula pampu yonse. P0087 ndi mafuta ochepa mu rail (paipi yogawa dizilo ku ma injekita), P0299 ndi turbo yosakankha mokwanira.

Chenjezo lalikulu: pa injini ya common rail musamasule paipi ya injekita injini ikulira, monga ankachitira pa injini zakale za 3L ndi 5L. Mphamvu ya dizilo m'menemo imapitirira 1,000 bar, ndipo amaboola khungu.

Yanga ndi yakale ya kabuleta. Ndione pati?

Chotsani chivundikiro cha eya kilina, injini ili yozima, suzumirani m'kamwa mwa kabuleta wina akuponda moto kamodzi. Muyenera kuona kamtsinje ka petulo kakuthira mwamphamvu. Kakapanda kuoneka kapena kakangodontha, kachikopa ka accelerator pampu katha kapena kabowo kake katsekeka. Mukatero onani timing, paipi ya vacuum ya pa distributor, chivundikiro chake ngati chili ndi mng'alu, ndi zingwe za mapulagi. Usiku mumdima, tsegulani boneti injini ikulira: zingwe zotha zimaonetsa timoto tabuluu.

Ndingayendebe nayo mpaka mwezi uthe?

Nyali ya check engine ikamaphethira, ayi. Kuphethirako kukunena kuti petulo wosapsa akupita mu ekizozi ndipo akuwotcha catalytic converter. Chepetsani liwiro, pitani ku galaja yapafupi. Imani pomwepo ngati mukumva fungo la petulo, ngati kamuvi ka kutentha kakwera, kapena nyali ya oyilo yayaka.

Kukakhala kutsamwa pang'ono kopanda nyali, mukhoza kuzungulira m'tauni masiku ochepa. Koma musapitirire galimoto ina pa msewu wa M3. Pa mitunda ya ku Thondwe ndi Namadzi, sekondi imodzi imene injini yakana kuyankha muli mbali ya anzanu ndi yokwanira kupha anthu.

Akakonza, ndidziwa bwanji kuti zathekadi?

Musalandire galimoto itangolira pa galaja. Makodi afufutidwe, kenaka muyende ndi amakaniko mphindi zosachepera 20 mpaka injini itenthe, mubwereze chimene chinkaitsamwitsa: ngati unali mtunda, kwerani msewu wa ku Chawe, ngati kunali kupitirira, pondani moto mpaka pansi kuchokera pa 60 pamalo owongoka opanda anthu. Makina akhale olumikiza. Fuel trim ibwerere pakati pa -5 ndi +5, chiwerengero cha misingi chikhale pa 0 pa masilinda onse, ndipo pasabwere makodi ena, ngakhale amene sanafike poyatsa nyali. Ngati vuto linali la m'mawa, galimoto igone, muiyese kukacha isanatenthe. Zitsulo zakale zimene achotsa mutenge, ndipo lembani tsiku ndi makilomita pa kabuku kokhala m'galimoto.